Kachipangizo kovala kopanda batire koyeza kutentha kwa khanda: mmene mungakapangire

Ikangofika nyengo ya mapulojekiti a chaka chomaliza, ophunzira a ku MUBAS, MUST ndi Mzuni amanditumizira funso lomwelomwelo pa WhatsApp: "Achimwene, tikufuna kupanga kachipangizo kovala kopanda batire kotumiza za umoyo wa wodwala kuchipatala, tiyambire pati?" Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, ndiye ndalemba pano kuti aliyense aziwerenga yekha. Chitsanzo changa ndi choyeza kutentha kwa thupi la mwana wobadwa masiku asanakwane. Kuno ku Dedza tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo chisanu cha June ndi July sichichita kufunsa. Khanda losakwana makilogalamu 2.5 likatuluka m'chipatala kupita kwawo ku Bembeke, kuzizidwa ndi limodzi mwa mavuto oyamba omwe limakumana nawo.

Musanagule kanthu, mvetsani ichi. Kachipangizo kopanda batire kamafunabe magetsi, koma amachokera ku foni. Foni yokhala ndi NFC, njira ija yolumikizira foni ndi chinthu pongogunditsa, imatulutsa mphamvu ya maginito pa 13.56 MHz, koyilo (mizere ya mkuwa yozungulirazungulira) ya pa kachipangizo kanu imakola mphamvuyo, chip imadzuka, sensa imayeza, nambala imabwerera ku foni, foni ikachoka kachipangizo kamazima. Pakati pa kuyeza kwa m'mawa ndi kwa madzulo palibe chomwe kamadziwa. Choncho "kuyang'anira wodwala ali kutali" kwenikweni ndi mayi, agogo kapena mlangizi wa zaumoyo amene wagwira foni n'kuiyandikitsa pa mwana. Ophunzira ambiri amalonjeza m'mapepala awo kuti kachipangizo kazidzaliza belu usiku mwana akazizidwa, chonsecho achotsa batire. Zimenezo sizitheka pokhapokha mutaika koyilo yaikulu yopatsa mphamvu pansi pa matiresi, monga anachitira a gulu la John Rogers ku Northwestern University pa masensa a makanda omwe anawalemba mu Science mu 2019. Koyilo yawo inkalumikizidwa ku magetsi a chipatala, ndipo kumudzi kwa agogo anu magetsi amenewo kulibe. Enanso amanditchulira FreeStyle Libre ya anthu a shuga kuti nayo ndi ya NFC. Inde, koma mkati mwake muli kabatire.

1. Sankhani chinthu chimodzi choyeza, ndipo dziwani wodzagwira foni.

Yambani ndi kutentha kwa thupi basi. Kugunda kwa mtima ndi mpweya wa m'magazi zimafuna ma LED omwe amadya magetsi ochuluka komanso kuti wodwala asagwedezeke, ndipo mukayamba nazo semesita idzatha musanaone nambala imodzi yoona. Malire amene bungwe la WHO linaika kwa khanda ndi awa: 36.5 mpaka 37.5°C kuli bwino, 36.0 mpaka 36.4 mwana wayamba kuzizidwa, 32.0 mpaka 35.9 wazizidwa ndithu, ndipo pansi pa 32 ndi zoopsa. Onani kuti pakati pa "ali bwino" ndi "wazizidwa ndithu" pali theka la digiri lokha. Kachipangizo kophonya ndi digiri yathunthu n'kachabechabe.

Kenako pitani mukacheze ndi azamba komanso alangizi a zaumoyo, omwe ambiri timangowatchula kuti ma HSA. Afunseni kuti mayi amene akulera mwana mwa njira ya kangaru, ija yomukhazika pachifuwa khungu ndi khungu, amamumanga bwanji, nsalu ndi zingati pakati pa mwana ndi kunja, nanga foni ingafike pati osamumasula. Yankho lawo ndi limene lidzakuuzeni kukula ndi malo a koyilo.

2. Pezani foni musanapeze chip.

Mafoni ambiri otchipa omwe ali m'manja mwa anthu m'midzi alibe NFC. Musaganize kuti foni iliyonse ya Android ili nayo. Lowani mu Settings muone, ikani pulogalamu ya NFC TagInfo ya kampani ya NXP, yesani ndi khadi la kubanki lija longogunditsa pa makina. Mukatero sunthani khadilo pang'onopang'ono kumbuyo kwa foni kuti mupeze pomwe pali koyilo yake. Mafoni ena ili pafupi ndi kamera, ena pakati. Matanipo kapepala. Yesani mafoni atatu a makampani osiyana, chifukwa mphamvu yomwe amatulutsa imasiyana kwambiri, ndipo kachipangizo kanu muyenera kukapangira foni yofooka mwa onsewo.

3. Sankhani chip ndi sensa.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi chip imodzi yokhala ndi zonse mkati: NHS3100 ya NXP, yomwe ili ndi choyezera kutentha chakechake cholondola mpaka 0.3°C, kapena RF430FRL152H ya Texas Instruments. Yachiwiri ndi zidutswa zitatu: chip ya NFC yotha kutulutsa magetsi, monga ST25DV04K ya ST kapena NTAG I2C plus ya NXP, microcontroller (kakompyuta ka mu chip imodzi) yaing'ono yodya magetsi ochepa, ndi sensa ya TMP117, yomwe imalondola mpaka 0.1°C. Pa nkhani ya makanda ine ndimakonda yachiwiri. Zowotcherera zimachuluka, koma 0.3 ndi yaikulu mukakumbukira theka la digiri lija.

Musathamangire kujambula kabolodi kanukanu. Gulani kaye kabolodi kopangidwa kale ka X-NUCLEO-NFC04A1, komwe kali kale ndi ST25DV04K ndi koyilo yochunidwa, mulumikize TMP117 ndi mawaya, muone nambala pa foni. Zidazi mudzaitanitsa kunja, ku Mouser, DigiKey kapena LCSC, ndiye werengerani za ndalama zakunja, zotumizira ndi msonkho wa MRA, ndipo gulani chilichonse zingapo chifukwa mudzapsereza. TMP117 ndi kanthu ka mamilimita 2 mbali zonse, kopanda miyendo yooneka. Ngati dzanja lanu silinazolowere, okonza mafoni a pamsika pa boma amene ali ndi makina a mpweya wotentha amawotcherera tinthu tochepa kuposa pamenepa tsiku ndi tsiku. Alipireni, muwauze kuti agwiritse ntchito solder yopanda mtovu.

4. Werengerani magetsi musanalumikize.

Foni ikagunda bwino pa koyilo mutha kupeza mamiliampeya ochepa chabe, ndipo ikangosuntha sentimita imodzi amatsika kwambiri. TMP117 imadya pafupifupi 135 µA ikamayeza, kuyeza kamodzi kumatenga 15.5 ms, ndipo mukaiuza kuti iyeze kasanu ndi katatu n'kutenga pakati imatenga cha m'ma 125 ms. Microcontroller muichepetse liwiro, 1 MHz ndi yokwanira. Kachipangizo konse kasapitirire theka la miliampeya. LED yokongoletsa ija ichotseni. Yokha imatha kudya kuposa zina zonse pamodzi, ndipo chilichonse chimene ikanaonetsa foni imatha kuonetsa.

Cholakwa chofala ndi kuika capacitor (kachidutswa kosunga magetsi kwa kanthawi) yaikulu pa magetsi otuluka mu chip poganiza kuti mukusunga mphamvu. Capacitor yopanda kanthu imameza mphamvu yonse poyamba, chip imalephera kuyankha foni, foni imaganiza kuti palibe kanthu n'kusiya. Pa NTAG I2C plus, a NXP amanena kuti ikhale 150 mpaka 220 nF. Tsatirani zomwe datasheet ya chip yanu, chikalata cha opanga chofotokoza za chipyo, yanena. Mu pulogalamu ya microcontroller ikani kudikira pang'ono magetsi akangofika, kenako idzutse sensa, ndipo nambala ikapezeka muilembe m'kachikumbutso kofulumira ka chip, kaja a ST amakatcha mailbox, m'malo mwa EEPROM, chikumbutso chokhalitsa, yomwe imadya magetsi ambiri polemba.

5. Chunani koyilo, ndipo muichunire pathupi.

Apa ndi pomwe mapulojekiti ambiri amafera, ndipo malangizo a pa intaneti amangodumphapo ndi chiganizo chimodzi. Koyilo ndi capacitor ya mkati mwa chip zimapanga dera lomwe limakola mphamvu bwino pa frequency imodzi yokha, ngati wailesi yomwe mukaphonya pang'ono pa Zodiak mumangomva phokoso. Masamu ake ndi f = 1/(2π√LC), pomwe L ndi inductance ya koyilo ndipo C ndi capacitance ya capacitor. ST25DV04K ili ndi 28.5 pF mkati, choncho pa 13.56 MHz ikufuna koyilo ya pafupifupi 4.8 µH. NTAG I2C plus ili ndi 50 pF, ikufuna cha m'ma 2.75 µH. Koyilo ya chip ina singagwire bwino pa inzake, ndiye musakopere zojambula za pa intaneti osaona kuti anapangira chip iti. Kwa ST25DV04K, koyilo yozungulira ya mamilimita 30 m'mimba mwake ikufuna mizere pafupifupi 10. Werengerani ndi pulogalamu ya eDesignSuite ya ST, jambulani mu pulogalamu yojambulira mabolodi ya KiCad, ndipo itanitsani kabolodi kopindika ka polyimide, chifukwa kolimba kaja sikagona bwino pamimba pa khanda.

Masamuwo ndi a koyilo yogona pa tebulo, mu mpweya wouma. Thupi la munthu ndi madzi ndi mchere. Koyilo ikayandikira khungu, thupi limawonjezera capacitance, frequency imatsika, komanso mphamvu ina imatayikira m'thupimo. Silikoni yokutira imaitsitsanso. Thukuta limaitsitsa kwambiri. Kupinda koyilo kumachepetsa inductance, zomwe zimaikweza. Kuti muone kuopsa kwake, pa 28.5 pF, kuwonjezera 1 pF yokha kumasuntha frequency ndi pafupifupi 0.24 MHz. Ma pF atatu kapena anayi ochokera ku khungu lonyowa ndi okwanira kuti kachipangizo komwe kanagwira bwino pamaso pa aphunzitsi kakane kudzuka pathupi.

Chitani motere. Jambulani koyilo ya inductance yochepera pang'ono pa yomwe masamu anena, kuti mu mpweya ikhale cha m'ma 14 MHz kapena kupitirira pang'ono, ndipo siyani malo awiri owotchererapo capacitor yowonjezera pafupi ndi miyendo ya koyilo. Chifukwa chake n'chosavuta: kutsitsa frequency mumangowonjezera capacitor, koma kuikweza kumafuna kuitanitsa kabolodi kena, kudikira masabata ndi kulipiranso. Ma capacitor ochunira akhale a mtundu wa C0G, omwe sasintha ndi kutentha, ndipo mugule a 1, 2.2, 3.3 ndi 4.7 pF.

Choyezera chake ndi NanoVNA, kamakina ka m'manja koonetsa frequency yomwe koyilo yachunidwa. Pindani kawaya kamodzi kukhala mphete yofanana kukula ndi koyilo yanu, muwotcherere pa cholumikizira cha SMA, muchite calibration kuyambira 10 mpaka 20 MHz, ndipo muonetse S11, mzere woonetsa mphamvu yobwerera ku makinawo. Mukayandikitsa mpheteyo pa kachipangizo, mzere wa pa sikirini udzachita kadzenje, ndipo pansi pa kadzenjeko ndi pomwe koyilo yanu yachunidwa. Musagunditse mphete pa koyilo. Isiyeni sentimita imodzi kapena ziwiri, chifukwa ikayandikira kwambiri nayo imasuntha yankho. Musayezere pa tebulo lachitsulo, ndipo chotsani zala.

Tsopano yezani kasanu ndipo mulembe chilichonse m'kope: mu mpweya, mutakutira ndi silikoni, mutamata pa mkono wanu, mutakulunga pa botolo la pulasitiki lodzaza madzi a mchere kuti mufanizire kupindika kwa kamimba ka khanda, komanso mutaika kansalu konyowa ndi madzi a mchere pakati pa khungu ndi kachipangizo. Madzi a mchere ake ndi magalamu 9 mu lita imodzi, ofanana ndi dripi ya normal saline. Mudzaona kadzenje kakusunthira kumanzere, kakukula m'mbali ndi kuchepa kuya. Chunani kuti pamene kachipangizo kali kokutidwa, kopindika komanso pakhungu, kadzenje kakhale pafupi ndi 13.56 MHz kapena pamwamba pake pang'ono. Zoyeza za mu mpweya zilibe ntchito, palibe wodwala amene ali mpweya.

NanoVNA imatulutsa mphamvu yochepa kuyerekeza ndi foni, ndipo capacitance ya chip imasintha pang'ono ikalandira mphamvu yambiri. Foninso ikayandikira imakoka frequency. Ndiye mawu omaliza ndi a foni. Dulani makatoni a milimita imodzi imodzi, muwaunjike pakati pa foni ndi kachipangizo kali pa mkono, muziwonjezera mpaka kuwerenga kukanike, uku mukuyeza magetsi otuluka ndi multimeter. Sinthani capacitor, bwerezani. Mukamaliza chotsani makatoni muikepo zenizeni: chitenje chopinda kawiri, kajuzi ka ulusi, kabulangete. Ngati kachipangizo sikawerengeka kudutsa nsalu zomwe azamba anakuuzani pa sitepe yoyamba, mayi azidzavula mwana kuti amuyeze, ndipo mwapanga chinthu chozizitsa mwana m'malo momuteteza.

Zinthu ziwiri zimathandiza. Kusiya mpata wa milimita imodzi kapena ziwiri pakati pa koyilo ndi khungu, ndi siponji yopyapyala, kumachepetsa kwambiri kusokoneza kwa thupi. Chinanso ndi kulekanitsa ziwirizi: sensa ikhale kumapeto kwa kamchira kopyapyala ka kabolodi, pakhungu, pomwe koyilo yatulukira kunja kwa nsalu yomangira. Ndipo mkati mwa koyilo musadzazemo mkuwa wa ground monga munazolowera pa mabolodi ena. Mkuwawo umadya mphamvu ya maginito musanaigwiritse ntchito.

6. Tetezani sensa ku mphepo, ndipo tetezani khungu ku kachipangizo.

Sensa imayeza kutentha kwa chilichonse chomwe yakhudza. Pansi pali khungu, pamwamba pali mpweya wa ku Bembeke wa m'bandakucha, ndipo yankho lidzakhala pakati pa ziwirizi ngati simunaphimbe pamwamba. Ikani siponji yotchinga kutentha pamwamba pa sensa, pansi pakhale silikoni yopyapyala kwambiri, ndipo sensa italikirane ndi chip ya NFC yomwe imafunda foni ikakhalitsa. Kumbukiraninso kuti kutentha kwa khungu la pamimba si kofanana ndi kwa m'khwapa komwe anamwino amayeza, ndipo pa kangaru mbali ya mwana yoyang'ana chifuwa cha mayi imatenga kutentha kwa mayiyo. Malo omata muwasankhe pamodzi ndi madokotala.

Silikoni ya mu hardware, ija yomatira masinki yonunkha ngati viniga, musaigwiritse ntchito. Imatulutsa asidi amene amadya mkuwa wa koyilo komanso amawotcha khungu. Pezani silikoni yovomerezeka kukhudza thupi. Pulasitala wamba nayenso ayi, chifukwa khungu la mwana wobadwa masiku asanakwane limasendeka pomatula. Tepi ya silikoni kapena kalamba ka nsalu yofewa ndi zabwino. Pasakhale kachidutswa kotha kuthothoka, m'mbali musakhale mwakuthwa, ndipo kachipangizo kathe kupukutidwa ndi spirit osafufuma.

7. Yerekezani ndi thermometer yodalirika.

Thirani madzi ofunda m'fulasiki, muvundule bwino, mumize kachipangizo kokutidwa kale pamodzi ndi thermometer ya mu labotale, koyilo ili pamwamba kuti foni ifike. Yezani pa 32, 35, 36.5, 37.5 ndi 39°C, kambirimbiri pa malo aliwonse, ndi tizipangizo tonse tomwe mwapanga, chifukwa kamodzi kolondola sikatsimikizira anzake. Lembaninso mphindi zomwe kachipangizo kamatenga kuti nambala ikhazikike mutangomata pa mkono. Nambala imeneyi muiike m'malangizo a wogwiritsa ntchito, apo ayi adzayeza atangomata n'kuthamangira kuchipatala ndi mwana wabwinobwino.

Boma lathu la Dedza lili ndi ubwino umodzi pa ntchitoyi: lili ndi nyengo ziwiri. Valani kachipangizo nokha tsiku lonse pa boma m'nyengo yozizira, kenako tsikirani ku Golomoti kapena ku Mtakataka mu October, komwe thukuta ndi kutentha zidzayesa zomatira ndi kachunidwe kanu.

8. Lembani pulogalamu ya foni yogwira ntchito popanda netiweki.

Pa Android, ST25DV imawerengedwa kudzera mu NfcV, chifukwa ndi ya muyezo wa ISO 15693, pomwe NTAG I2C plus imadzera mu NfcA. Kachipangizo kalibe wotchi, ndiye nthawi ya kuyeza ichokere ku foni. Yankho lionekere pomwepo, ndi zilembo zikuluzikulu, mtundu ndi mawu a Chichewa onena zochita, omwe madokotala avomereza. Lisadikire seva. M'madera ena a kumapiri netiweki ya TNM kapena Airtel imachita kusakidwa, choncho sungani zonse m'foni, zitumizidwe netiweki ikapezeka, ndipo nambala yoopsa ipite pa SMS kwa mlangizi wa zaumoyo. Kuwerenga kukalephera pakati, foni inene kuti "yesaninso", isaonetse nambala yakale ngati yatsopano. Ichi ndi cholakwa chimene chingaphe mwana.

Unduna wa Zaumoyo umasunga malipoti ake mu pulogalamu ya DHIS2, ndipo iCHIS, pulogalamu ya pa foni yomwe ma HSA akugwiritsa ntchito, inamangidwa pamenepo. Konzani deta yanu moti itha kulowamo, m'malo mopatsa mlangizi pulogalamu inanso yapayokha. Pa kachipangizo pakhale nambala chabe, dzina la mwana kapena la mayi lisalembedwepo, chifukwa foni iliyonse ya NFC itha kukawerenga. Za umoyo wa munthu zimatetezedwa ndi lamulo la Data Protection Act la 2024.

9. Musamate pa khanda popanda chilolezo.

Ngakhale mwana wa mchemwali wanu, ayi. Zonse zam'mwambazi mumatha kuchita ndi botolo, fulasiki ndi mkono wanu, ndipo pulojekiti ya chaka chomaliza itha kuthera pomwepo ili yokhoza bwino. Kuyesa pa odwala kumafuna chivomerezo cha komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo, ya dziko lonse (NHSRC) kapena ya ku yunivesite ya KUHeS, chilolezo cha akuluakulu a zaumoyo m'boma, dokotala woyang'anira kafukufukuyo, ndi kuvomera kwa makolo atafotokozeredwa m'chinenero chawo. Pa kafukufukuyo namwino aziyezabe ndi thermometer ya masiku onse, ndipo chisankho chilichonse chokhudza mwana chichokere pa imeneyo. Pitani mukaonetse ntchito yanu ku design studio ya ku MUBAS, komwe amagwira ntchito ndi a mgwirizano wa NEST360 pa zipangizo za makanda, chifukwa njira ya zilolezo anaiyenda kale. Mukadzafika poganiza zogulitsa, mudzafunika kukambirana ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA pa zolembetsa chipangizo cha chipatala, komanso MACRA pa chilolezo cha zipangizo zogwiritsa ntchito mafunde a wailesi. Mukapita kumeneko tengani kope lija munalembamo zoyeza za koyilo ndi za m'fulasiki, chifukwa adzafuna kuona manambala, tsiku lomwe munayeza ndi thermometer yomwe munayerekeza nayo.